Kaundula wa mauthenga a mawu: Ukhiya, Febuluwale mpaka Julayi 2023

Lamlungu, 12 Febuluwale

Kuno ku Ukhiya, m'dziko la Bangladesh, kumene kuli misasa ya Arohingya othawa kwawo, sabata ya ntchito imayamba Lamlungu n'kutha Lachinayi, n'chifukwa chake ndikuyamba kulemba lero. Andipempha kuti ndizisunga zolemba izi kuti wodzalowa m'malo mwanga mu Julayi asadzafufuze mumdima. M'kompyuta ya ofesi ndapezamo malipoti ambirimbiri, onse okamba zimene zinayenda bwino. Zokanika palibe anazilemba, ndiye ine ndilimbikira kumeneko.

Papepala ntchito yake ndi yaing'ono. Tizijambula mauthenga a mawu m'Chirohingya, osapitirira mphindi ziwiri, okhudza moto, namondwe, chakudya ndi matenda. Tiziwafalitsa pa zimkuzamawu zonyamula m'manja, pa timemori khadi ta m'foni ndiponso m'magulu a anthu omvera pamodzi. Mbali yachiwiri ndi buku la mafunso ndi madandaulo: munthu akafunsa tilembe, tikafunse kwa oyenera, tibweze yankho. Tilipo asanu ndi awiri. Ine mlendo wodzipereka, anzanga awiri a kuno ku Bangladesh, ndi Arohingya anayi okhala mumsasa momwemo, amuna awiri ndi akazi awiri. Anayiwa lamulo siliwalola kulembedwa ntchito, amangolandira kangachepe ka ma taka, ndalama za kuno, ngati odzipereka.

Wobwera kumene ayenera kudziwa izi asanatsegule pakamwa. Kuyambira pa 25 Ogasiti 2017, Arohingya oposa 700,000 anathawa nkhanza ku Rakhine m'dziko la Myanmar n'kudzapeza anzawo amene anathawa kale m'zaka za m'mbuyo. Pano alipo pafupifupi miliyoni imodzi m'misasa 33 ya ku Ukhiya ndi Teknaf. Lamulo la unzika la ku Myanmar la 1982 linawasiya opanda dziko. Bangladesh sanasaine pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo, ndipo m'makalata a boma ambiri mwa anthuwa amatchedwa nzika za Myanmar zochotsedwa kwawo mokakamiza. Dziko limene likuwasunga likuwatcha nzika za dziko limene likuwakana. Mawu aliwonse amene tijambule aziyenda pakati pa minga imeneyi.

Ndasankha kugona ku Ukhiya m'malo mwa tawuni ya Cox's Bazar, kuti ndisamathere maola pamsewu m'mawa ndi madzulo. Chipinda chili ndi bedi, neti, fani ndi chidebe. Madzi a pampopi amatuluka ofiirira ndipo amanunkha chitsulo.

Lachinayi, 23 Febuluwale

Uthenga woyamba tautaya. Ndilemba mwatsatanetsatane chifukwa vutoli ndinaliyambitsa ndine.

Ndinalemba mawu m'Chingerezi okonzekeretsa anthu nyengo ya mphepo yamkuntho. Mnzanga wa kuno, amene tonse timangomuitana kuti bhai, ndiye kuti achimwene, anawamasulira m'Chibangla. Kenako anawawerenga mokweza m'chilankhulo cha ku Chittagong, chimene eni dera lino amalankhula, mnyamata wathu wa mumsasa n'kumabwereza pambuyo pake, ine ndikujambula. Zinamveka zokoma m'makutu mwanga, poti palibe chimene ndinkamva. Tinapita nazo kwa azimayi khumi ndi awiri amene anakhala pamphasa m'kachipinda kansungwi. Anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti uthenga ndi wabwino. Ndinayamba kulongedza, koma mmodzi mwa atsikana athu anatembenukira kwa mayi wachikulire nati, "Azakhali, tatiuzeni, mukafika kunyumba mukawauza chiyani apongozi anu?" Mayi aja anayankha kuti akawauza kuti mvula ikubwera, afunditse nkhuni ndi mpunga.

Mawu akuti jhor m'Chibangla ndi mkuntho. M'Chirohingya ndi mvula chabe. Ife tinkachenjeza za denga kuuluka, iwo anamva za nkhuni kunyowa. Kandimverere anakanena zam'maluwa, ndipo pano akandimverere analipo atatu motsatizana.

Chirohingya ndi chilankhulo cha pakamwa. Zilembo zake zilipo, za Hanifi, zimene Mohammad Hanif anakonza m'zaka za m'ma 1980 ndipo zinalowa mu Unicode, mndandanda wa zilembo za pakompyuta, mu 2018, koma odziwa kuziwerenga ndi ochepa. Zikwangwani zambiri mumsasa zili m'Chingerezi kapena m'zilembo za ku Myanmar, ndipo azimayi ambiri amangoona zithunzi zake. Chilankhulo cha ku Chittagong n'chapachibale ndithu, mpaka mabungwe ambiri anazolowera kuganiza kuti n'chimodzimodzi. Kufananako n'kumene kumapusitsa: munthu amagwedeza mutu poti wamva mawu asanu ndi atatu mwa khumi, pomwe awiri otsalawo ndiwo anyamula nkhani.

Tasintha kachitidwe. Sindilembanso mawu oti munthu awerenge. Ndizibwera ndi mfundo zitatu basi, anayi aja azikangana okha za kanenedwe kake mpaka agwirizane, kenako tijambule. Mndandanda wa mawu umene anakonza a bungwe la omasulira la Translators without Borders uzikhala patebulo. Ndipo uthenga sutuluka mpaka anthu atatu amene sanakhale nawo pojambula, mmodzi akhale mayi wachikulire, aubwereze m'mawu awoawo. Funso loti "mwamva?" ndaliletsa.

Lachitatu, 1 Malichi

Lero thandizo la chakudya latsika kuchoka pa madola 12 kufika pa madola 10 pa munthu pamwezi. WFP, bungwe la UN loona za chakudya, inalengeza kuti ndalama zochokera kwa opereka thandizo zaperewera. Anthu kuno salandira matumba, ali ndi khadi imene amakagulira mpunga, mafuta, mphodza, tsabola ndi zina m'masitolo osankhidwa, choncho kutsikaku akukuonera pa sikelo.

Mphekesera zatitsogolera kale. Ena akuti a majhi, atsogoleri a timagawo ta msasa, ndiwo akudya ndalamazo. Ena akuti ndi njira yowafinya kuti abwerere ku Myanmar. Uthenga wathu unayenera kunena zinthu zitatu: ndalama zatsika kwa aliyense mofanana, chifukwa chake n'chakuti, ndipo wodandaula apite pati.

Tinakangana pa liwu limodzi. Ine ndinafuna tinene kuti kutsikaku n'kwakanthawi, kuti mitima ikhale pansi. Mnyamata wamkulu pagulu lathu, amene kawirikawiri salankhula, anaika chimkuzamawu pansi. Anati, "Mukudziwa kuti n'kwakanthawi? Mukanena zimenezo, mwezi wamawa adzabwera pakhomo panga, osati panu. Inu ikakwana folo mumakwera galimoto." Liwulo talichotsa. Akunena zoona: ogwira ntchito ochokera kunja kwa msasa tonse timatuluka dzuwa lisanalowe, ndipo usiku, pamene anthu amakhala pansi n'kumasula zimene amva, ife kulibe.

Lolemba, 6 Malichi

Dzulo masana moto unabuka ku Camp 11, ku Balukhali. Zisakasa pafupifupi 2,000 zapsa ndipo anthu pafupifupi 12,000 agona panja. Utsi tinkauona tili m'msasa wina. Nyumba za kuno ndi nsungwi ndi lona, poti zomanga zokhalitsa siziloledwa, ndipo zinathithikana khoma kukhoma pa zitunda zimene kale zinali nkhalango. M'chilimwe chino moto ukangogwira, umathamanga kuposa munthu wonyamula mwana. Anthu sanaiwale wa pa 22 Malichi 2021 m'dera lomweli, umene unapha anthu osachepera 15.

Lero tinangoyenda ndi zimkuzamawu pamalo akuda bii, pongotsala mizati yopserera ndi masilinda a gasi. Uthenga wopewa moto umene tinakonza sabata yatha unalibe ntchito. Anthu ankafunsa zinthu ziwiri: mwana wotayika akamufunse kuti, ndipo khadi ikapsa adya bwanji. Tinajambula mayankho pompo, titabisala kuseri kwa thanki ya madzi kuti mphepo isalowe m'maikolofoni. Mawu ake ndi oipa kuposa onse amene tajambula, koma anthu anayamba kubwera okha ndi mafoni kuti tiwatumizire.

Ndafika kuchipinda magetsi atazima. Malaya akununkha pulasitiki yopsa, ndawachapa kawiri.

Lachinayi, 16 Malichi

Zinthu ziwiri zasokoneza sabata ino. Komiti ya boma yofufuza za moto uja yanena kuti unachita kuyatsidwa dala. Ndipo dzulo nthumwi za ku Myanmar zafika ku Teknaf kudzatsimikiza mayina a anthu ena pa ndondomeko yoyeserera kubweza anthu kwawo. Buku la mafunso ladzaza masamba anayi m'masiku awiri.

Apa ndazindikira mmene nkhani zimayendera mumsasa. Othawa kwawo saloledwa kulembetsa ma SIM khadi a kuno, ngakhale mafoni alipo ambiri. Kuyambira Seputembala 2019 mpaka Ogasiti 2020 intaneti ya pafoni inatsekedwa m'misasa, ndipo anthu anazolowera kupatsirana mawu ojambulidwa pa Bluetooth ndi pa memori khadi. Njira imene ife tikudalira ndi yomweyo imene mphekesera zimadutsa, ndipo pafoni zonse zimaoneka chimodzimodzi. Lachiwiri bambo wina anatitsegulira pafoni uthenga wouza anthu kumene akalandire lona. Unali weniweni, koma wa moto wa 2021. Anthu anayenda mtunda n'kukapeza palibe kanthu. Kuyambira lero uthenga uliwonse uziyamba ndi kutha ndi tsiku, mwezi, chaka ndi nambala ya msasa. Zikudya masekondi khumi ndi asanu, koma palibe kuchitira mwina.

Pa za kubwerera ku Myanmar sitijambula kanthu kupatula zimene UNHCR, bungwe la UN loona za othawa kwawo, yanena poyera, kuti kubwerera kuyenera kukhala kofuna munthu mwini. Ngakhale zimenezo anzathu a mumsasa sakufuna kuti zimveke ndi mawu awo. Mohib Ullah, mtsogoleri amene ankalankhula poyera za ufulu wa Arohingya, anawomberedwa muofesi yake mumsasa wa Kutupalong pa 29 Seputembala 2021, ndipo aliyense kuno amakumbukira. Mawu a munthu ndi nkhope yake. Mumsasa wothithikana chonchi, mtsikana akalankhula pa chimkuzamawu anthu amadziwa kuti ndi mwana wa yani. Ndinali ndisanaganizeko zimenezi pamene ndinkanyadira kuti mauthenga athu ali ndi mawu a eni ake. Tagwirizana kuti aliyense ali ndi ufulu wokana kujambulidwa popanda kufotokoza chifukwa.

Lachiwiri, 28 Malichi

Ramadan yayamba Lachisanu lapitali. Magulu omvera tawasamutsira m'mawa, chifukwa masana anthu amakhala atafooka. Ma imamu awiri avomera kuulutsa uthenga wa moto pa zimkuzamawu za mzikiti, bola usakhale ndi nyimbo kumayambiriro. Kanyimbo kaja ndinakasankha ndekha ndipo ndinkakakonda. Kachotsedwa.

Lachinayi, 13 Epulo

Ndagona masiku anayi ndi kutsegula m'mimba. Mwina ndi madzi, mwina ndi chakudya cha pamsewu. Kutentha kwafika poti fani ikazima usiku ndimanyowetsa chitenje n'kufunda. Laputopu imazima yokha ikatentha, ndiye ntchito yodula mawu ndimaichita mbandakucha. M'manja mwayamba kuyabwa pakati pa zala, ndipo namwino wangoona kamodzi n'kunena kuti ndi mphere, zimene zafala kwambiri m'misasa chaka chino. Wandipatsa mankhwala odzola n'kundiuza kuti ndiwiritse zovala ndi zofunda zonse.

Ndinawiritsa. Ndili pakati powiritsa ndinakumbukira kuti uthenga wathu wa mphere umauza anthu zomwezo: chapani zovala zonse ndi madzi otentha, yanikani padzuwa, musabwerekane zofunda. Ine ndili ndekha m'chipinda, ndili ndi chitofu changa, ndipo zanditengera tsiku lonse. Banja la anthu asanu ndi awiri m'chisakasa chimodzi, madzi ochita kuimira pamzere, gasi woyenera kufika kumapeto a mwezi, awiritsa ndi chiyani? Uthengawo ndi woona koma ndi wachipongwe. Ndapempha atsikana athu afunse azimayi zimene amachita kale, tiyambire pamenepo. Abwera ndi yankho limene anamwino avomereza: kumanga zovala m'thumba lapulasitiki n'kulisiya lotseka masiku angapo, chifukwa tizilomboto sitikhalitsa tikasiyana ndi khungu la munthu. Tijambulanso Lamlungu.

Nkhani ina, yosakoma. Kulikulu la bungwe lathu akufuna zithunzi zisanu ndi nkhani ziwiri zokopa opereka ndalama. Akuti nkhope zioneke, makamaka za ana, ndipo ngati n'kotheka pamalo pamene panapsa. Sindikuwada. Ndalama zikuchepa, ndaona ndi maso anga zimene madola awiri ochotsedwa achita, ndipo ndalama zimabwera ndi zithunzi. Koma mawu akuti ntchito yofalitsa nkhani akubisa ntchito ziwiri zosiyana. Ina imatenga nkhani za anthuwa kupita nazo kunja. Ina imabweretsa kwa anthuwa nkhani zimene akuzifuna. Ndikalowa m'chisakasa ndi kamera m'mawa n'kubweranso ndi buku la madandaulo masana, mayi uja adziwa bwanji kuti kukana chithunzi sikuchotsa dzina lake pamndandanda? Fomu yachilolezo ili m'Chingerezi, iye amadinda chala. Ndatumiza zithunzi za manja, zimkuzamawu ndi misana ya anthu. Ayankha kuti zilibe moyo. Ndawauza kuti atumize wojambula wina pa tsiku limene ife kulibe.

Lamlungu, 7 Meyi

Lachisanu Arohingya 20 anaperekezedwa kukaona malo amene awakonzera ku Maungdaw m'dziko la Myanmar, tsidya la mtsinje wa Naf. Mafunso abweranso, koma sabata ino maso onse ali kunyanja. A zanyengo akuti ku Bay of Bengal kukhoza kubadwa namondwe.

Dziko lino limadziwa anamondwe. Wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000, ndipo pambuyo pake panakhazikitsidwa ndondomeko yokonzekera anamondwe ya CPP, imene boma limayendetsa limodzi ndi Red Crescent. Odzipereka ake amakweza mbendera: imodzi, ziwiri, kenako zitatu ngozi ikafika pachimake. M'misasa namonso muli odzipereka a CPP, Arohingya okhaokha ambiri, ndipo ife ntchito yathu ndi kungothandiza kuti tanthauzo la mbendera lifike m'zisakasa, makamaka kwa azimayi amene satuluka kawirikawiri.

Mbendera yoyamba ndi yachiwiri zili ndi zonena: mangani denga ndi zingwe, ikani matumba a mchenga, kulungani makadi ndi mankhwala m'pulasitiki, dziwani kumene kuli ana. Yachitatu ndiyo yatisowetsa mawu. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, mbendera zitatu zimatanthauza kuti thamangirani ku nyumba zakonkire zothawirako. Mumsasa zoterozo mulibe, ndipo msasa unazingidwa ndi waya. Funso loti "tithawire kuti?" lalembedwa m'buku mwathu kasanu ndi kawiri sabata ino, ndi anthu osiyanasiyana. Chimene tingathe kunena ndi chakuti okhala pamtsetse ndi m'zigwa asamukire kwa abale kapena kumalo olimbirako amene asankhidwa m'gawo lawo, monga mizikiti ndi zipinda zophunzirira. Nazonso ndi nsungwi. Mtsikana wathu wamng'ono anafunsa ngati tinene kuti malowo ndi otetezeka. Mnyamata wa "kwakanthawi" uja anangondiyang'ana. Tanena kuti ndi olimbirako kuposa chisakasa cha pamtsetse.

Loweruka, 13 Meyi

Namondweyo amutcha Mocha. Ku doko la Cox's Bazar akweza chenjezo la nambala 10, la ngozi yaikulu. Mbendera zitatu zakwera. Ife atiuza kuti tisalowe mumsasa mawa. Ndapereka mabatire onse kwa anayi aja, ndi ma memori khadi otsala. Potsazikana mtsikana wamkulu anati, "Musadandaule, bhai, mawu ali m'mutu. Batire likatha tikuwa." Ndatunga madzi m'zidebe ziwiri ndipo laputopu ndaikulunga m'matumba atatu.

Lachiwiri, 16 Meyi

Mocha anafika kumtunda Lamlungu masana pafupi ndi Sittwe, ku Rakhine. Kuno tinangolandira mphepete mwake. Zisakasa zambiri zasasuka, zimbudzi ndi zipinda zophunzirira zawonongeka, chilumba cha Saint Martin's chavulala kwambiri, koma m'misasa simunamveke za imfa.

Ndinalowa dzulo ndikuyembekezera nkhope zamtendere. Sizinali choncho. Kumene namondwe anagwera n'kwawo. Pafupi ndi Sittwe pali misasa ya Arohingya amene anatsekeredwa kumeneko kuyambira 2012, ndipo ambiri afa. Mafoni a kumeneko sakugwira. Anthu anaima m'timagulu pazitunda pamene netiweki imapezekako, aliyense foni kukhutu. Mafunso a lero onse ndi amodzi: mwamvako za mudzi wakuti? Tilibe yankho ngakhale limodzi, ndipo si ntchito yathu kuyerekeza. Tawalemba onse, n'kuwauza za ntchito ya Red Crescent yolumikiza mabanja otayana.

Za ntchito yathu: tafunsa m'zisakasa makumi awiri kuti za mbendera anamva kwa yani. Ambiri atchula mzikiti ndi odzipereka a CPP. Azimayi angapo atchula atsikana athu, amene anayenda khomo ndi khomo Loweruka mpaka mdima. Memori khadi watchula mmodzi yekha. M'lipoti ndilemba momwemo, ngakhale ma memori khadi ndiwo anadya gawo lalikulu la bajeti.

Lachinayi, 1 Juni

Chakudya chatsikanso, kufika pa madola 8 pamwezi. Ndi masenti 27 patsiku. Tikanati tinene "kwakanthawi" mu Malichi, lero tikanalowa mumsasa ndi nkhope yanji?

Uthenga tajambula mosavuta, poti mawu ake ndi omwe aja, nambala yokha ndiyo yasintha. Gulu lomvera la azimayi silinafunse chilichonse. Mayi wa nkhuni ndi mpunga uja anaubwereza bwinobwino, liwu ndi liwu, kenako anafunsa ngati amene amachepetsa ndalamawo amamvanso mauthenga ochokera kuno, kapena chimkuzamawu chimalankhulira mbali imodzi. Bhai anamasulira n'kuyang'ana pansi. Ndinamufunsa mayiyo ngati angafune kuti tijambule mawu ake, opanda dzina, ndiwatumize limodzi ndi lipoti. Anavomera. Analankhula mphindi zinayi osapuma, za mazira amene anasiya kugula, za mpunga umene amagulitsako kuti apeze sopo ndi ndiwo zamasamba, za mdzukulu wake wa zaka 15 amene wayamba kukamba zopita ku Malaysia. Ndatumiza mawuwo ndi kumasulira kwake ku msonkhano wa mabungwe. Kumene akafike sindingalonjeze, ndipo ndinamuuza choncho.

Lachiwiri, 20 Juni

Mvula ya monsoon yafika. Njira za m'zitunda zasanduka phala, masitepe a matumba a mchenga akuterera, ndipo ndagwa kawiri, kachiwiriko ndi chojambulira m'manja. Chikugwirabe. Nsapato siziuma, chikwama chachita nkhungu, magetsi akuzima kangapo patsiku. Ofesi ili ndi jenereta, chipinda changa ayi. Udzudzu wa dengue umaluma masana, choncho neti yausiku siyokwanira, ndimavala malaya a manja aatali m'chinyontho chomwechi.

Uthenga wa mwezi uno ndi wa kugumuka kwa zitunda. Mitengo itadulidwa mu 2017 dothi linatsala lopanda mizu, ndipo ngakhale abzalanso yambiri, mvula ikagwa masiku atatu osakata dothi limatsika ndi nyumba zomwe. Zizindikiro zake anatiuza ndi abambo amene amakonza ngalande: ming'alu pamtsetse, mzati wopendekeka, madzi amatope otuluka pamene sipanali kasupe. Mmodzi wa iwo anavomera kujambulidwa, ndipo ndi uthenga woyamba kudutsa mayeso a anthu atatu ulendo umodzi.

(Pokwera chitunda china ndinaona nsanja yansungwi, ndinkayesa ya alonda. Ndi yoonera njovu. Msasa wa Kutupalong unamangidwa pa njira imene njovu zinkadutsa, ndipo m'miyezi yoyamba zinapha anthu. Pali magulu a odzipereka amene amazibweza ndi phokoso ndi matochi. Amenewo uthenga wawo sufuna womasulira.)

Ndakhala masiku awiri ndikuwerenga buku la mafunso kuyambira tsamba loyamba. Ndimafuna kuona kuti mzere wa "yankho labwezedwa" wadzaza motani. Mafunso a khadi yotayika, tsiku la gasi, chipatala chotsegula usiku, amenewo tinayankha pafupifupi onse. Otsala opanda kanthu ndi a mtundu umodzi: tithawire kuti, chakudya chidzakwera liti, mwana akamaliza maphunziro a mumsasa adzapita kuti, tidzabwerera liti ndipo ngati yani. Fomu ya lipoti ili ndi mabokosi awiri okha, "layankhidwa" ndi "latumizidwa kwa oyenera". Wina anandilangiza kuti onse otsalawo ndiwaike m'bokosi lachiwiri kuti chiwerengero chioneke bwino. Ndawonjezera bokosi lachitatu ndi cholembera, "palibe yankho", ndipo anayi aja ayamba kubwerera kwa ofunsa kukawauza zimenezo pamaso. Ndinkaopa kuti akatukwanidwa. Akuti ambiri amangoti, "Chabwino, bola mwabwera."

Lachinayi, 13 Julayi

Sabata yanga yomaliza. Wolowa m'malo afika Lamlungu, tidzakhala limodzi masiku atatu.

Ntchito imene ndikuisiya pakati ndi ya maboti. Mvula ikatha ndipo nyanja ikadekha, cha mu Okutobala kapena Novembala, ozembetsa anthu amayamba kunyamula anthu kupita ku Malaysia ndi Indonesia. UNHCR inati mu 2022 Arohingya oposa 3,500 anayesa ulendo wapanyanja, ndipo osachepera 348 anafa kapena kusowa. Ndi chakudya cha madola 8, chaka chino sindikuona chimene chiwaletse. Tajambula kawiri, kawiri konse talephera mayeso. Woyamba unali woopseza, ndipo anyamata amene anaumva anaseka, akuti za kumira amazidziwa kuposa ife, ali ndi mayina a anzawo. Wachiwiri unkati "dikirani njira zovomerezeka", ndipo mnyamata wina anafunsa kuti njira zake ziti. Maganizo amene tatsala nawo ndi a mtsikana wamkulu: tisiye kuuza anthu kuti asapite, tinene zimene ozembetsa sanena, monga kusunga munthu pamalo obisika n'kumaimbira abale ake kuti awonjezere ndalama, ndiponso kumene banja lingakanene mwana akasowa. Akufuna kuti alankhule ndi mayi amene zinamuchitikira, koma mawu ake awabwereze munthu wina wa msasa wakutali. Chilolezo cha mayiyo sichinapezeke, ndipo asakakamizidwe.

Zotsala zina. Zimkuzamawu ziwiri mwa zisanu zafa ndi chinyontho, zatsopano zisungidwe m'ndowa yotseka. Ma memori khadi asagulidwenso, ndalamayo ipite ku maambulera, nsapato zamvula ndi mabatire a anayi aja. Uthenga wa mbendera ujambulidwenso usanafike Okutobala, chifukwa uli ndi tsiku la mu Meyi. Mafayilo onse ali m'foda imodzi, ndipo otayidwa ndawasiya dala, aliyense ndi chifukwa chake, kuphatikizapo wa jhor uja.

Buku la mafunso ndalisiya m'manja mwa mnyamata wamkulu, osati muofesi. Lafika tsamba 61. Dzulo mayi uja anatumiza mdzukulu wake kudzafunsa ngati mawu ake a pa 1 Juni anamveka kumene anapita. Ndalemba funsolo, ndalemba tsiku, ndatumizanso imelo yokumbutsa. Mnyamatayo adzapita kukawauza Lamlungu, kaya yankho labwera kaya ayi.